Ntchito ya woyang'anira laibulale: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa kauntala. Ena amafunsa ndi ana asukulu, ena makolo, ena achinyamata amene akuganiza zolowa ntchitoyi. Mayankho ake akunena za malaibulale a anthu onse kuno ku Malawi, ngakhale zambiri n'zofanana ndi za m'malaibulale a m'sukulu ndi m'makoleji.

Kodi laibulale ya anthu onse mwini wake ndani?

Malaibulale ambiri a anthu onse m'dziko muno amayendetsedwa ndi bungwe la National Library Service, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1967 ndipo linayamba ntchito mu 1968. Likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe, ndipo lili ndi nthambi m'mizinda ya Blantyre, Mzuzu ndi Zomba komanso m'maboma ena. Palinso timalaibulale ta m'midzi, ta mipingo ndi ta mabungwe. Ndalama zoyendetsera bungweli zimachokera ku boma ndi kwa othandiza, choncho mlimi, mwana wa Sitandade 3, wofuna ntchito ndi gogo wopuma pantchito onse ali ndi ufulu wofanana wolowa. Simufunika kukhala pasukulu kuti mulandiridwe.

Kodi inu simumangokhala n'kumawerenga mabuku tsiku lonse?

Ayi ndithu. Mabuku ambiri amadutsa m'manja mwathu, koma timaona chikuto, mndandanda wa zamkatimu ndi masamba ochepa kuti tidziwe pomwe bukulo likakhale ndi munthu amene lingamuthandize. Kuwerenga kwenikweni timakachitira kunyumba ngati wina aliyense. Funso lotsatirali likuonetsa kumene nthawi imathera.

Nanga tsiku lanu limayenda bwanji?

Limayamba chitseko chisanatsegulidwe. Mabuku amene anasiyidwa pamatebulo dzulo, pamodzi ndi amene anabwezedwa, timawasanja m'manambala ake n'kuwabwezera m'mashelefu. Kenako aliyense amatenga chigawo chake n'kuyenda shelefu ndi shelefu, kuwerenga manambala a pamsana pa mabuku kuti aone ngati akutsatana bwino. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ya fumbi, yopweteketsa msana ndi mawondo, koma ikangolekedwa sabata imodzi laibulale imasokonekera. Nyuzipepala za tsikulo zikafika timazidinda n'kuzilemba m'kaundula.

Tikatsegula, oyamba kulowa amakhala a magulu awiri: ophunzira othamangira mipando yabwino ya pafupi ndi zenera kapena soketi, ndi abambo odikira nyuzipepala. Ena mwa iwo amafuna ndale ndi mpira, ena amangotsegula pamasamba olengeza ntchito, cholembera chili m'manja. The Nation kapena The Daily Times imodzi imatha kudutsa m'manja ambiri dzuwa lisanafike pamutu, ndipo kuweruza za amene anayamba kuifunsa ndi mbali ya ntchito yomwe sitinaiphunzire m'kalasi.

Pakati pa tsiku ndi nthawi ya pa kauntala: kulembetsa mamembala, kubwereketsa, kulandira obwezedwa, kuyankha mafunso. Amene sali pa kauntala amakhala kuchipinda chakumbuyo, kulowetsa mabuku atsopano m'katalogi, womwe ndi mndandanda wa mabuku onse a m'laibulale, kumata manambala ndi kukonza mabuku ong'ambika. Ana akaweruka kusukulu, phokoso limakwera ndipo maso onse amapita kuchigawo cha ana. Tisanatseke timalemba chiwerengero cha olowa ndi mabuku obwerekedwa, chifukwa malipoti amenewa ndi omwe amatiyankhulira tikamapempha ndalama kapena mabuku. Pomaliza timayendera mazenera, ndi kudzutsa amene tulo tamupeza pakona.

Manambala a pamsana pa buku amatanthauza chiyani?

Ndi adiresi ya bukulo. Timagwiritsa ntchito ndondomeko imene Melvil Dewey wa ku America anaitulutsa mu 1876, yomwe imagawa nzeru zonse m'magulu khumi. Ma 000 ndi a makompyuta ndi nkhani zosiyanasiyana, ma 100 ndi a filosofi ndi kaganizidwe ka munthu, ma 200 ndi a zipembedzo, ma 300 ndi a chikhalidwe cha anthu, chuma, malamulo ndi maphunziro, pomwe ma 400 ndi a zinenero. Sayansi ili mu ma 500, ntchito zamanja, zaumoyo ndi ulimi mu ma 600, luso ndi masewera mu ma 700, zolembalemba monga ndakatulo ndi masewero mu ma 800, ndipo mbiri ndi jogalafe zili mu ma 900.

Gulu lililonse limagawikanso. Masamu ali pa 510, ulimi pa 630, ziweto pa 636. Mukapitirira kadontho, nkhani imapita ichepa: mbuzi zili pa 636.39, nkhumba pa 636.4, nkhuku pa 636.5. Apa ndi pamene ambiri amasokera. Amaona 39 kuti ndi wamkulu kuposa 5, ndiye amakafunafuna mbuzi atadutsa kale nkhuku. Manambala a pambuyo pa kadontho amawerengedwa imodziimodzi: 3 amayamba, kenako 4, kenako 5. Zilembo zitatu za pansi pa nambala nthawi zambiri zimakhala zoyamba za dzina la mlembi.

Ndondomekoyi ili ndi tsankho lake, ndipo sitibisa. Dewey anapereka malo aakulu ku zinenero za ku Ulaya, moti Chingerezi chili ndi chigawo chonse cha 420, pomwe zinenero zambirimbiri za mu Africa zimapanikizana pa 496, ndipo zolembedwa m'zinenerozo pa 896. Mbiri ya Malawi muipeza pa 968.97. Manambala atatu amenewa ndi ofunika kuwasunga pamtima.

Bwanji mumatiletsa kubwezera tokha buku pashelefu?

Chifukwa buku loikidwa pamalo olakwika ndi lotayika, ngakhale lili m'nyumba momwemo. Katalogi imanena kuti lilipo, wofuna buku amapita pa nambala yake, salipeza, amabwerera kwawo chimanjamanja. Mukamaliza kuwerenga ingosiyani patebulo. Zimatithandizanso kudziwa mabuku amene akugwiritsidwa ntchito ngakhale sakubwerekedwa.

Palinso ena amene amachita dala. Buku la Biology likakhala limodzi lokha, wina amakalibisa pakati pa mabuku a zipembedzo kuti mawa adzalipeze yekha. Malo obisirako timawadziwa, ndipo kuyendera mashelefu kwa m'mawa kumatulutsa zambiri zotere.

Sindikudziwa dzina la buku ngakhale mlembi wake. Mungandithandizebe?

Inde, ndipo imeneyi ndiyo ntchito yathu yeniyeni. Zonse zimene tafotokoza pamwambapa, manambala, katalogi, kusanja, zimachitika kuti munthu akafika ndi vuto lake atuluke ndi yankho.

Anthu ambiri safunsa chimene akufunadi. Munthu amati, "Muli ndi mabuku a zamalamulo?" Tikamulozera ma 340 n'kumusiya, atha maola awiri osapeza kanthu. Tikafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, ndi nkhani yanji ya malamulo imene mukufuna?" zimapezeka kuti mchimwene wawo anamwalira osasiya wilo, ndipo akufuna kudziwa za kagawidwe ka chuma cha masiye. Mayi wofunsa "mabuku a bizinesi" mwina akufuna kalembedwe ka pempho la ngongole ya gulu lawo. Mnyamata wofunsa "zaumoyo", maso ali pansi, mwina ali ndi nkhawa imene sangainene pagulu, ndipo nzeru ndi kupita naye pashelefu ya 610, kumuonetsa kagawidwe kake, n'kuchokapo.

Choncho musadabwe tikakubwezerani mafunso. Sikuti ndi kufufuza za eni. Timafuna kudziwa kuti n'za sukulu kapena za pakhomo, mukuzifuna m'Chichewa kapena m'Chingerezi, mwachidule kapena mwakuya, komanso mwayang'ana kale pati. Nthawi zina yankho silikhala m'buku, koma ku ofesi ya zaulimi, kuchipatala kapena kubwalo la milandu, ndipo timakuuzani choncho. Sitili madokotala kapena maloya: timakupezerani zowerenga, koma sitikuuzani mankhwala oti mumwe kapena mmene mlandu wanu udzathere. Musachite manyazi pa kauntala. Safunsa anadya phula.

Mabuku amachokera kuti? Bwanji ambiri amakamba za kunja?

Ena amagulidwa, koma ndalama zogulira mabuku zimakhala zochepa, ndipo buku lochokera kunja limakwera mtengo nthawi iliyonse kwacha ikagwa. N'chifukwa chake mashelefu ambiri amadzazidwa ndi mphatso. Bungwe la Book Aid International la ku Britain lakhala likutumiza mabuku atsopano ku malaibulale a dziko lino kwa zaka zambiri, ndipo popanda thandizo lotere mashelefu a zamankhwala, a ana ndi a luso lamanja akanakhala opanda kanthu.

Komabe buku lolembedwera mwana wa ku London silingalowe m'malo mwa buku limene mwana wa ku Ntcheu akudzionamo yekha, agogo ake ndi munda wawo. Woyang'anira wabwino amasunga kandalama kochepako kuti agulire mabuku a kuno kwathu, ndipo amalemba m'kope mabuku onse amene anthu afunsa koma sanapezeke. Kope limeneli ndi lomwe liyenera kulamula zogula, osati zokonda za woyang'anira.

Nanga mabuku a Chichewa achepa chifukwa chiyani?

Chifukwa osindikizidwa ndi ochepa. Makampani osindikiza amadalira mabuku a pasilabasi, poti ndi amene ali ndi msika wotsimikizika. Buku la nthano kapena ndakatulo limene silili pa mndandanda wa mayeso limasindikizidwa pang'ono, likatha latha. A Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga ndiye ndi osowa koposa. Ochepa amene tili nawo amawerengedwa mpaka kuthetheka, ndipo ndi amene timawasoka ndi kuwamata kawirikawiri.

National Library Service inayesetsa kutseka mpata umenewu posindikiza timabuku ta ana ta Werengani, komanso pojambula nthano zimene akuluakulu a m'midzi amakamba m'zinenero zosiyanasiyana kuti zisapite nawo kumanda. Ngati ndinu mlembi ndipo mwasindikiza nokha buku lanu, bweretsani kope ku laibulale ya kwanuko. Ambiri amaiwala zimenezi, kenako n'kumadandaula kuti anthu sawerenga.

Ndili ndi mabuku kunyumba. Mungalandire?

Timalandira, koma timasankha. Buku likhale lathunthu, louma, lopanda chuku, ndipo likhale loti wina angaliwerenge lero. Mabuku a nthano, a ana, a m'zinenero zathu ndi a silabasi yomwe ikugwira ntchito timawalandira ndi manja awiri. Buku la makompyuta la m'ma 1990 kapena la zamankhwala lakalekale limangodya malo, ndiponso limafuna nthawi ya munthu kuti alilowetse m'katalogi. Yambani mwabwera ndi mndandanda musanabwereke galimoto. Onaninso funso la kuchotsa mabuku kumapetoku.

Nthawi ya mayeso mumatani anthu akachuluka?

Mayeso a MANEB akamayandikira, makamaka a JCE ndi MSCE, mipando imatha m'mawa. Amawonjezekera ndi ophunzira a m'makoleji ndi olemba mayeso a akawunti. Ambiri sabwera kudzafuna mabuku athu, amabwera ndi makope awo kudzafuna tebulo, kuwala ndi bata, zinthu zimene kunyumba ya chipinda chimodzi kulibe. Ena amanyoza zimenezi kuti laibulale yasanduka holo yowerengera. Ife sitiona cholakwika. Mpando wabata ndi thandizo lenileni, ndipo amene wabwera chifukwa cha Physics tikhoza kumuonetsa buku la nthano mayeso akatha.

Mabuku ofunidwa kwambiri timawachotsa pashelefu n'kuwasunga pa kauntala. Wofuna amasiya khadi, amawerengera momwemo kwa nthawi yoikika, kenako amapatsa mnzake. Kusungirana malo ndi kope kapena juzi kwa maola ambiri sitilola. Zimenezi zimatidanitsa ndi ena, koma mtsikana amene wayenda wapansi kuchokera kutali sangaimirire pomwe mpando wakhalidwa ndi juzi.

Ana aang'ono osadziwa kuwerenga amaloledwa?

Amaloledwa, ndipo timawafuna. Mwana amayamba ndi kugwira buku, kutembenuza masamba, kuloza zithunzi ndi kumva wina akumuwerengera. Kuchigawo cha ana sitilimbikira bata ngati kwa akuluakulu. Kumakhala nthano, nyimbo, kujambula ndi kuwerenga mokweza, ndipo woyang'anira amene sangakhale pamphasa n'kusintha mawu kukhala a Kalulu kapena Fisi amavutika nako. Chimene timapempha makolo n'chakuti laibulale si malo osiyako mwana tsiku lonse inu muli kumsika. Wamng'ono abwere ndi wamkulu.

Bwanji mumatisiyitsa zikwama pakhomo? Mumatiyesa akuba?

Lamuloli ndi la aliyense, ngakhale abusa ndi aphunzitsi. Mabuku amabedwa, ndipo amene amabedwa ndi omwe aja ofunidwa ndi anthu ambiri. Choipa kwambiri ndi kudula masamba ndi lezala: buku limaoneka labwinobwino pashelefu, koma mutu wofunikira mulibe, ndipo zimadziwika pamene wina waufuna. Ndalama, foni ndi laputopu lowani nazo, musazisiye m'chikwama.

Ndachedwa kubweza buku, kapena lasowa. Ndichite chiyani?

Bwerani mudzanene. Kuchedwa kuli ndi chindapusa, ndipo buku lotayika limalipiridwa kapena kugulidwa lina, malinga ndi malamulo a laibulale yanu. Koma chimene timafuna ndi buku ndi inuyo, osati chindapusacho. Anthu ambiri amasiyiratu kubwera chifukwa cha manyazi a buku limodzi, ena mpaka kutizemba pamsika. Ngati lanyowa kapena lang'ambika, musalimate ndi selotepi, chifukwa ikakalamba imasiya zomata zachikasu zimene zimawononga pepala. Libweretseni mmene lililimo.

Mungandiuze mabuku amene mkazi wanga, mwana wanga kapena wantchito wanga akubwereka?

Ayi. Zimene munthu akuwerenga ndi chinsinsi chake. Amene akuwerenga za HIV, za kutha kwa banja, za chipembedzo china kapena za ndale ayenera kutero mosaopa kuti zikamveka kunyumba kapena kuntchito. Akangodziwa kuti pa kauntala pali mlomo, sadzafunsanso. Mwana wamng'ono amene munamulembetsa ndinu, tikhoza kukuuzani mabuku amene sanabweze, koma kwa wachinyamata njira yabwino ndi kucheza naye nokha.

Masiku ano zonse zili pa foni. Laibulale ndi ya chiyaninso?

Foni imafuna bandulo, magetsi ndi netiweki, ndipo zitatuzi sizipezeka pamodzi tsiku lililonse. Buku silizima magetsi akathima. Komanso si zonse zili pa intaneti: mabuku ambiri a kuno kwathu, malipoti akale ndi nyuzipepala za zaka zam'mbuyo zili papepala basi.

Intaneti yationjezera ntchito. Kumene kuli makompyuta timathandiza anthu kutsegula imelo koyamba, kulemba CV, kudzaza mafomu a sukulu kapena a ntchito, ndi kusiyanitsa uthenga woona ndi bodza loyenda pa WhatsApp. Wina akabwera ndi uthenga wa ntchito zakunja wofuna kuti atumize kaye ndalama, timakhala naye pansi n'kuona limodzi amene walemba, tsiku lake ndi kumene wachokera. Nafenso makatalogi athu akuchoka m'makabati a makhadi kupita pa kompyuta, ndipo malaibulale ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Koha, yomwe inayambira ku New Zealand. Kope ndi cholembera timakhala nazobe pafupi, kuti magetsi akazima kubwereketsa kusaime.

Mungandichitire fotokope buku lonse?

Ayi. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza alembi ndi osindikiza, ndipo bungwe la COSOMA, loimira eni zaluso, limalondoloza zimenezi. Masamba ochepa owerengera inu nokha ndi nkhani ina. Tikudziwa kuti mabuku ndi odula, koma tikamachulukitsa buku la mlembi wa kuno mwaulere, wosindikiza sadzatulutsanso lina, ndipo vuto talifotokoza pa funso la mabuku a Chichewa lija limakula.

Ndikufuna nyuzipepala kapena zikalata zakale kwambiri. Ndipite kuti?

Nyuzipepala za miyezi kapena zaka zaposachedwa zimapezeka m'malaibulale akuluakulu, zomangidwa m'mitolo. Zakale kwambiri, ndi zikalata za boma za nthawi ya atsamunda, zili ku National Archives ku Zomba, komwe lamulo limati aliyense wosindikiza buku m'dziko muno apereke kope. Ofufuza mbiri amapitanso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu mzinda wa Blantyre. Kumalo amenewa zinthu sizibwerekedwa, mumawerengera pomwepo.

Kodi munthu amaphunzira chiyani kuti agwire ntchitoyi?

Ambiri amayamba ngati othandizira ali ndi MSCE, n'kuchita kosi ya satifiketi ya bungwe la Malawi Library Association, lomwe ambiri amalitchula kuti MALA. Digiri ya Library and Information Science imaphunzitsidwa ku Mzuzu University. Maphunziro ake ndi a kagawidwe ka mabuku, katalogi, kufufuza nkhani, makompyuta, kasungidwe ka zikalata ndi kayendetsedwe ka ofesi, choncho omaliza amagwiranso ntchito m'mabanki, m'maunduna ndi m'mabungwe, kulikonse kumene kuli mafailo ofuna dongosolo.

Ngati mukufuna ntchitoyi poganiza kuti muthawa anthu, ganizaninso. Mudzakumana ndi woledzera wofuna pogona, wodwala maganizo amene amabwera tsiku lililonse, mwana wolira, ndi bwana amene sakufuna kusiya chikwama. Malipiro si onenepa. Chokoma chake chimabwera mwakachetechete, monga pamene mnyamata amene ankalimbirana mpando uja abwera atavala taye kudzalembetsa mwana wake.

Chimawononga mabuku kwambiri n'chiyani?

Chiswe, chinyezi, fumbi, mphemvu, makoswe ndi dzuwa. Chiswe chimalowera kukhoma kapena pansi, n'kudya mkati mwa mabuku msana uli bwinobwino, moti ukadzakoka limodzi umapeza dothi lokhalokha. N'chifukwa chake mashelefu sitiwagundiza kukhoma, makatoni sitiwasiya pansi, ndipo chakudya sitilola, poti nyenyeswa zimaitana tizilombo. Nyengo ya dzinja denga likadontha, buku lonyowa limachita chuku m'masiku ochepa n'kupatsira anzake. Timaliimika chotsegula pamalo odutsa mphepo, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limapinda masamba ndi kuumitsa guluu.

Moto ndiye woopsa koposa. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anathera pomwepo, kuphatikizapo zolembedwa za Malawi zovuta kuzipezanso. Ndiye musakwiye tikakuletsani kulumikiza mafoni ambiri pa soketi imodzi kapena kubwera ndi ekisitenshoni yanu.

Ndi zoona kuti mumachotsa mabuku ena m'mashelefu? Si kuwononga kumeneko?

Ndi zoona, ndipo ndi mbali ya ntchito imene anthu amaimvetsa movutikira. Shelefu ili ndi malire. Ikadzaza ndi mabuku othaitha, abwino aja sawoneka, ndipo wolowa amaganiza kuti muno mulibe chatsopano. Mabuku ena akakalamba amasocheretsa: la zamankhwala lonena njira zimene achipatala anazisiya, la malamulo amene anasinthidwa, la silabasi yakale limene lingalepheretse mwana mayeso.

Pochotsa timaona zinthu zingapo: mmene bukulo lilili, chaka chimene linatuluka, tsiku limene linabwerekedwa komaliza, ndi ngati pali lina lolowa m'malo mwake. Ndakatulo ndi mbiri sizikalamba msanga ngati sayansi ndi makompyuta. Lochotsedwa limadindidwa, limafufutidwa m'katalogi ndi kulembedwa m'kaundula, chifukwa ndi katundu wa boma ndipo owerengera chuma amafunsa. Amene akadali abwino amapita ku malaibulale ang'onoang'ono kumene angagwire ntchito.

Mabuku onena za Malawi kapena olembedwa ndi Amalawi sayesedwa ndi muyeso umenewu. Ngakhale litang'ambika chotani, ngakhale papite zaka osabwerekedwa, buku lotere timalisoka, kulikuta chikuto china n'kulisamutsira ku kabati yotsekedwa, kumene limawerengedwa pokhapokha munthu akalipempha pa kauntala.